Chigoba cha Tata Phanzu

Evington, Leicester
15 Okutobala 2023

Okondedwa amake Chilungamo,

Muli bwanji kumeneko ku Mponela? Nanga ana? Chifuwa cha Pempho chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo yayamba kale kuluma makutu, ndipo bondo langa lija likumandikumbutsa kuti si ine mwananso.

Ndabwerera ku pepala. Pafoni mumandidula pakamwa, ndikangoyamba nkhani mwati bandulo yatha. Ndiye ndizilemba, ndizijambula, ndizitumiza, inu muziwerenga mutakhala pansi. Mbali ya amalume anga a Lucius muzikawawerengera, paja maso awo anatopa.

Ndalama ya feteleza ndatumiza Lachisanu. Mugule msanga mitengo isanapengenso, ndipo mukagule nokha. Mlamu wanga uja mukamutuma matumba amachepera m'njira. Malata adikire kaye.

Kuntchito ku Oadby, kunyumba yosamalira okalamba kuja, kwabwera mkulu wina wa ku Congo, a Tata Phanzu. Anagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale ya masokosi kuno. Sitiroko inawapha mbali imodzi, n'kuwalandanso Chingerezi chonse. Chatsala ndi Chikongo cha kwawo basi, ndipo palibe amene amawamva. Mwana wawo wamkazi, Michelle, anawabweretsera zithunzi, wailesi ndi bulangete. Kenako anapisa m'jumbo n'kutulutsa chigoba.

Chigoba, amake Chilungamo! Nkhope yosema, yopakidwa dothi loyera, maso otong'ola, mano osongoka. Anachikoloweka pamsomali ngati kalendala ya kubanki, azimayi okolopa akungodutsa pomwepo. Kwathu chinthu chotere sichikhala pamtetete. Zambiri sindinena, inu ndinu mzimayi, wa Chigwirizano kumene. Paja mumandiseka kuti gule akangotuluka pamudzi ine ndimakhala ndapita kukaona mbuzi. Mbuzi zimafuna kuona, mayi.

Michelle atangochoka ndinatenga thaulo lochapa n'kuchiphimba bwinobwino. Amalume muwauze kuti ulemu sindinausiye pabwalo la ndege.

Ndine wanu,
Alufandika

Evington
19 Novembala 2023

Amake Chilungamo,

Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Ine ndili moyo. Ndamva kuti kwacha yagwanso chagada. Mwaona ubwino womvera mwamuna? Mukanazengereza feteleza uja bwenzi pano mukulira. Mvula yoyamba isakupusitseni, dikirani inyowetse ndithu musanabzale.

Thaulo lija landiyika m'madzi. Tsiku lotsatira a Tata Phanzu anakana phala. Nditalowa anayamba kukuwa, "Meso! Meso!" akuloza kukhoma. Ine kuti ndiwatonthoze, anandikhoma ndi sipuni pachala, mkulu wa dzanja limodzi! Ndiye anamuyimbira Michelle, nabwera kuchokera ku Nottingham kudzatimasulira.

Akuti chigobacho chinali cha amalume awo, amene m'Chikongo amati "ngwa nkazi". Anali sing'anga, ndipo ankachivala akaitanidwa kwa wodwala. Atamwalira chinapita kwa mwana wa mlongo wawo, ngati mmene timachitira kwathu. Dothi loyeralo akuti ndi mtundu wa anthu amene anaoloka madzi, chifukwa kwa Akongo akufa amakhala kutsidya la madzi. "Meso" aja ndi maso: a Tata akuti chiyenera kumawayang'ana usana ndi usiku. Dziko lino ndi lachilendo, zipinda n'zofanana zonse, ndiye amalume awo akadzabwera kudzawatenga asadzasochere.

Mwamva zimene ndinachita? Ndinawatseka m'maso amalume a eni ake! Ine kuyesa ulemu, osadziwa kuti ulemu wa ku Dowa si wa ku Congo. Ndinachotsa thaulo, ndinagwada pambali pa bedi, n'kuomba m'manja mwakachetechete ngati tili pamaliro. Mkulu uja anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Phala anadya. Tsopano ndikalowa amandiitana "mwana", ndipo madzi akafuna amati "maza". Tikumvana bwino kuposa mmene ndimamvanirana ndi anthu ena a chiyankhulo changa chomwe.

Ndikunena Mayi Christabel. Ndi a ku Zomba, ndiwo amatiyang'anira pa shifiti, ndiwonso amatsogolera mapemphero a Amalawi Lachitatu. Thaulo lija analiona lisanachoke. Anandikokera pakona n'kundifunsa, "Inu a ku Dowa, mwachiphimbiranji? Mwaonamo chiyani?"

Ndinati, "Ulemu basi, mayi."

Anati, "Thabwa salichitira ulemu. Ngati inu mwachiopa, ndiye kuti muli kanthu."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Tisiyire pomwepa.

Chilungamo mumuuze kuti masamu aja ndawaona, asandinamize kuti aphunzitsi amamuda.

Wanu,
Alufandika

Evington
17 Disembala 2023

Amake Chilungamo,

Moni nonse. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Zovala za ana ndapatsira mnzanga wina, a Chawanangwa, akunyamuka Lachiwiri kubwera kumudzi. Jekete yofiira ndi ya Pempho, asalimbirane. Muli kabotolo ka mafuta a mawondo, ako n'ka amalume. Ya Khirisimasi ndatumiza, mugule mpunga ndi nkhuku, ana asakayang'ane m'mapoto a eni.

Kuntchito kwavuta. Mayi Christabel analeka kulowa m'chipinda cha a Tata, ndipo anzawo atatu atengera pomwepo. Akuti chibwerere chigoba chija pamzere wathu pamwalira anthu awiri. Abale! Nyumba ya okalamba, nthawi yozizira chonchi, wina anali ndi zaka zoposa za agogo anu, ndiye afe n'chigoba? Chaka chatha chisanabwere ankafa ndi chiyani? Chitseko cha a Tata achipaka mafuta odzozera mpaka chogwirira chikuterera. Mkulu amakhala atadzinyowetsera kudikira ine, chifukwa opemphera akuopa thabwa.

Manejala wathu, Shabnam, si munthu woipa, koma watopa. Antchito ndi ochepa, ndipo anayi akakana chipinda iye alibe pogwira. Ndiye wapeza chifukwa chachizungu: akuti dothi likuyoyoka, si zaukhondo, chikakhale ku sitolo mpaka Michelle adzachitenge. Michelle naye ali ndi ana ang'onoang'ono, mpingo wake sufuna kumva za zimenezi, wangoti chikhale komweko kaye.

Mukudziwa sitolo yake? Kosungira zokolopera, ndowa ndi matewera. Amalume a munthu, ku matewera! A Tata atembenukira kukhoma, sakundiyang'ananso. Ndikati "Tata, maza," sakuyankha.

Chikundiwawa n'chakuti woyambitsa ndine. Ndikanapanda kuphimba, akanangochiona ngati chidole cha kumsika. Ndiye musayembekeze kuti ndingokhala manja m'thumba.

Ku mapemphero ndasiya kupitako. Nditalowa Lachitatu lapitalo wina ananong'ona, "Wa gule uja wabwera," ndipo mpando wa pambali panga unakhala wopanda munthu mpaka ameni. Mukamva zokamba anthu, mufunse ine kaye.

Wanu,
Alufandika

Evington
7 Januwale 2024

Amake Chilungamo,

Chaka chabwino kwa inu ndi ana. Ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona, musamve zoti ndapenga.

Kalata yanu ndawerenga. Ndiye mng'ono wa Mayi Christabel wa ku Area 25 ndi amene wakhala wailesi yanu? Chabwino. Inde, n'zoona, andisaspenda. Sindinakuuzeni msanga chifukwa ndinkafuna mudye nkhuku yanu mwamtendere. Koma zoti ndinkavina m'khonde la kuntchito ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo amene wanena akalape Lachitatu.

Imvani mmene zinalili. Tsiku la Khirisimasi ndinali pa shifiti ya masana. Anthu avala zisoti zamapepala, nyimbo zikulira. Ndikulowa kwa a Tata, ndipeza mbale ya m'mawa ili chikhalire. Milomo yauma, yang'ambika. Ndinawanyamula kuti ndiwasinthe, ndipo anapepuka ngati mtolo wa mapesi. Nesi akuti ndi matenda, adokotala adzaona chikondwerero chikatha. Ine ndinadziwa kuti si matenda, munthu wataya mtima.

Ndinapita ku sitolo kuja. Ndinachipeza pashelefu, wina atatsamizapo ndowa. Ndinachipukuta ndi malaya anga, ndinachinyamula ndi manja awiri, osabisa, anthu onse akuona, n'kukachikoloweka pamsomali pake. Ndinati, "Tata, meso." Anatembenuka pang'onopang'ono. Amake Chilungamo, misozi inatuluka ndi diso la mbali yakufa lomwe. Phala anamaliza mbale yonse, n'kunyambita sipuni.

Mayi Christabel atasuzumira anakuwa ngati aponda moto. Anabwera ndi mnyamata wokonza mapaipi kuti achitsitse. Ine ndinaima pakhomo. Ndinati, "Pano sipadutsa munthu." Sindinakhudze aliyense, koma mawu ndiye ndinakweza, zimenezo ndivomera. Ndinati, "Mayi, inu Baibulo lanu lili m'thumba, palibe analiponya ku matewera. Mkuluyu wakulakwirani chiyani?" Anandiyankha kuti ndine mdima. Madzulo omwewo anandilanda baji, ndipo ndamva kuti chigoba chinabwerera ku sitolo ine ndisanafike pa siteji ya basi.

Mukuti kodi ndaiwala kuti viza yanga inamangidwa pantchito imeneyi? Sindinaiwale. Ndimadzuka nazo, ndimagona nazo. Mlandu wanga aukamba kumapeto kwa mwezi uno.

Feteleza wachiwiri muthire chimanga chisanafike m'chiuno. Fizi ya Chilungamo ndatumiza yonse.

Wanu,
Alufandika

Evington
28 Januwale 2024

Amake Chilungamo,

Muli bwanji? Ndamva kuti mutu ukukuvutani. Ndikudziwa kuti mutuwo dzina lake ndi Alufandika. Imwani madzi ambiri, ndipo muwerenge mpaka kumapeto musanaponye foni.

Mwandilembera masamba atatu, onse mawu amodzi: pepesani. Mwati ndiganizire ana, mwati Mkongoyo si m'bale wathu, mwati ndinapita kukagwira ntchito osati kukakhala loya wa mizimu ya eni. Mwalankhula ngati mayi, sindikukudani nazo.

Lachinayi anandiitana. Panali Shabnam ndi mzungu wina wochokera ku likulu la kampani, wamawu ofewa ngati akukupatsa tiyi. Anati zitha bwino ndikachita ziwiri. Choyamba, ndipepese Mayi Christabel chifukwa chowakalipira. Ndinati zimenezo n'zosavuta, ndipo ndinawapepesa pomwepo, paja ndi aakulu kwa ine. Chachiwiri, ndilonjeze kuti chinthu chija sindidzachikhudzanso, ngakhale a Tata atachilirira.

Ndinafunsa, "Mkuluyo akudya?"

Mzungu anati imeneyo si nkhani ya lero.

Ndinati, "Kwa ine nkhani ndi imeneyo. Mukandibweza mawa, mawa lomwelo ndikachitenga. Ndisakunamizeni."

Shabnam anandinong'oneza, "Ingovomera, Alu, zinazo tidzaona." Ndikudziwa ankandifunira zabwino. Koma ine kulumbira bodza pamutu pa munthu amene akufa ndi njala, ndinakana. Ntchito yatha.

Ndamva kuti zikatere aboma amapereka miyezi iwiri kuti upeze kampani ina yokusponsa, ukalephera uzipita kwanu. Ndayamba kale kuapulaya, ku Derby ndi ku Loughborough. A Rafik, eni nyumba, ati lendi ya Febuluwale ndidzapereke ndikapeza. Msilamu wa ku Limbe wandimvera chisoni, abale anga a Lachitatu ngakhale moni pafoni.

Mantha ndili nawo, ndisakubisireni. Ngongole ya tikiti ya ndege ija ikadalipo. Koma manyazi ndilibe. Malata musagule, ndalama ija ikhale ya fizi ya teremu yamawa. Denga lidontha chaka china chimodzi, tinakhalamo kale.

Amalume muwafunse funso ili: iwo atagona kuchipatala ku Lilongwe, wina n'kuwalanda chimene amadalira, angafune mphwawo atani? Yankho lawo mundilembere osachotsapo.

Wanu, ngakhale mwakwiya,
Alufandika

Evington
18 Febuluwale 2024

Amake Chilungamo,

Masabata akudutsa simunandiyankhe. Ndikuona kuti kalata mukuwerenga, foni imaulula. Chabwino, khalani chete, ine ndizilembabe. Ndili bwino. Ana muwapatse moni.

Ku Loughborough akana. Ku Derby akuti adzandiitana.

Sabata yatha Michelle anandipeza kuno, maso atatupa. Adokotala amuuza kuti bambo ake atsala pang'ono. Anati, "Ndinaopa abusa, ndinaopa manejala, bambo anga okha ndi amene sindinawaope." Wawatulutsa ku Oadby kuja, wawatengera kwake ku Hyson Green, kachipinda ka pamwamba pa shopu ya nsomba zouma. Chigoba anakachitenga yekha ku sitolo, wachikhomera msomali moyang'anizana ndi bedi. Anandipempha ndizikamuthandiza kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, poti yekha sangathe.

Ndikumapita. Sitima mpaka Nottingham, kenako tiramu, kasitima ka m'tauni. Michelle amandilipirira ulendo, china palibe. Ndikudziwa zimene mukunena mumtima: ntchito yolipidwa wataya, yaulere ndiye wakangamira. Nenani mokweza, ndimve mawu anu.

A Tata akumwa tiphala tamadzimadzi, koma mtima sunakhazikike. Ayang'ana chigoba, ayang'ana kukhomo, ayang'ananso chigoba. Michelle akuti akudandaula kuti amalume awo akuwaona, inde, koma ali pamsomali. Pamsomali munthu sayenda. Kwawo chinkalowa pakhomo ndi miyendo.

Michelle anandifunsa kuti kodi zimenezi zikutanthauza chiyani. Ndinamuuza kuti sindikudziwa.

Chimanga chafika pati?

Wanu,
Alufandika

Evington
3 Malichi 2024

Okondedwa amake Chilungamo,

Kalata yanu yafika. Mizere itatu yokha, koma ndaiwerenga mpaka foni kuzima. "Ana ali bwino. Amalume akuti mphwawo asawachititse manyazi. Nkhalamba ija ikudya?" Zikomo, mayi. Ndimakudziwani, mumakalipa ndi pakamwa pokha.

Za ntchito ndiyambe nazo kuti musazifunefune m'munsi. Ku Derby ndinapita, anafunsa chimene ndinachokera ku Oadby, ndinawauza zoona. Sanayankhebe. Nthawi ikutha. Akakana ndikubwera, chikwama chimodzi, malata palibe. Mudzandilalatire pamaso, ndidzakhala pansi ndimve zonse. Mbeu ya kudimba musunge, mwina wolima wapezeka.

A Tata Phanzu anatisiya Lachiwiri masana.

Mbali iyi muwawerengere amalume pang'onopang'ono.

Tsikulo ndinawasambitsa, ndinawameta ndevu, ndinawaveka malaya oyera. Mpweya unali ukuvuta. Anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija, mwamphamvu ndithu. Analoza chigoba, analoza ine, analoza kukhomo. Anabwerezanso. Michelle anati, "Akuti chiyani?" Ine ndinamuuza kuti akaone ana kukhitchini kaye.

Pamenepo ndinakumbuka kuti mbuzi sindinazione. Inde, mbuzi za ku Nottingham. Ndinatuluka.

Zotsalazi ndachita kumva kwa Michelle. Akuti atabwerera kuchipinda anapeza msomali uli wokha. Asanafunse, kunamveka kugogoda. Chitseko chinatseguka, ndipo panalowa mlendo wa nkhope yoyera, atafunda nsalu ya pabedi, wopanda nsapato. Sanalankhule. Ankaponda pang'onopang'ono, mwendo umodzi ukutsimphina. Michelle akuti anafuna kukuwa dzina la Yesu, koma ataona nkhope ya bambo ake anatseka pakamwa.

Akuti mkulu uja anadzutsa mutu yekha, munthu woti pilo timachita kumuikira. Anati, "Ngwa nkazi." Kenako anayamba kulankhula, mawu omveka bwino ngati sitiroko sinawagwirepo. Anatchula mayina a ana awo ndi adzukulu mmodzimmodzi. Anawauza amalume awo kuti kuno kumazizira, kuti masokosi anasoka okwanira dziko lonse, kuti atopa, ndipo anafunsa kuti mwachedwa kuti. Mlendo uja anagwada, ngakhale kugwadako kunkamuvuta, n'kuwagwira dzanja. Anakhala choncho mpaka dzanjalo linafewa.

Ine pobwera kumbuzi ndinapeza chigoba chili pamsomali pake, Michelle akuwatseka maso bambo ake. Anandiyang'ana kumapazi, poti masokosi ndinali nditavala limodzi. Sanandifunse kanthu. Mwana analeredwa bwino ameneyo. Chigoba akuti achitumiza kwawo, kwa mwana wa mlongo wa a Tata.

Ndalira, amake Chilungamo, ndalira ngati ndi bambo anga. Koma tulo ndikugona tabwino, ndipo amene akudikira kuti ndinene kuti ndinalakwa adikira mpaka imvi.

Amalume akafunsa kuti mlendoyo ankatsimphina mwendo uti, muwauze kuti ine sindikudziwa. Ndinali ku mbuzi.

Ndine wanu,
Alufandika